Alamu yopanda mawaya: zilembo za kumbuyo kwa katoni zimanena chiyani?

Pa Ntcheu boma pali bambo ena amene amagulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala ophera mbozi. M'dzinja lapitali akuba anawaboolera khoma la kuseri kwa shopu usiku mvula ikugwa, n'kutulutsa matumba angapo, mlonda ali khuma pakhonde la kutsogolo. Mwana wawo wa ku Johannesburg atamva, anatumiza katoni pa basi. Mkati munali kabokosi koyera ka mabatani, timasensa tinayi tomata pa zitseko, tiwiri toona munthu akamayenda m'chipinda, marimoti awiri ndi sayirini. Waya wolumikiza zonsezi panalibe. Tsiku lomwe ndinadutsako ndinawapeza atatembenuza katoniyo pa kauntala, magalasi ali pansonga ya mphuno, chala chikuyenda pa timalemba ting'onoting'ono.

"Achimwene, inu zamagetsizi mumazidziwako," anatero. "Apa alemba CE, apa 433.92 MHz, apa pali kasitika ka ICASA. Ya anzangawa ogulitsa malata ilibe chilichonse mwa izi, koma ikulira bwinobwino. Ndiye yangayi ndiyo yoti wakuba sangaipusitse?"

Chisokonezo chawo n'chomveka. Munthu akaona chidindo pa chipangizo cha chitetezo amaganiza kuti chidindocho chikutsimikiza za chitetezocho. Koma zilembo zambiri za pa katoni zija zikuyankha funso lina: kodi chipangizochi chikamalankhula mumlengalenga chimasokoneza ena? Tiyambe ndi zimene zimachitika chitseko chikatseguka.

Kasensa ka pachitseko ndi kawailesi

Kasensa ka pachitseko kali ndi mbali ziwiri. Ina ndi maginito omatidwa pa chitseko. Ina ili pa felemu, ndipo mkati mwake muli kaswichi, batire ndi kachipangizo kotumiza mafunde. Chitseko chikatseguka maginito amatalikira, kaswichi kamasuntha, ndipo kwa kanthawi kochepa kasensako kamaulutsa nambala yake. Bokosi lalikulu likamva, limaliza sayirini kapena kuimbira mwini wake foni. Ndi nyumba youlutsira mawu ndithu, kungoti womvera wake ndi mmodzi. Timasensa toona munthu tija sititulutsa kanthu poyang'ana, timangomva kutentha kwa thupi likamadutsa kutsogolo, ndipo timaulutsa pokhapokha tikafuna kuuza bokosi lija.

Amene anayamba kusonyeza kuti mafunde a wailesi alipodi ndi Heinrich Hertz wa ku Germany, m'zaka za 1887 ndi 1888, ndipo zilembo za Hz pa katoni ndi dzina lake. Chimene akatswiri amachitcha frequency ndi kuchuluka kwa maulendo amene funde limagwedezeka pa sekondi imodzi. MHz imodzi ndi maulendo 1 miliyoni, choncho 433.92 MHz ndi kugwedezeka ka 433,920,000 pa sekondi. Zikuoneka zachilendo, koma tonse timasintha frequency tsiku ndi tsiku tikamapotokola wailesi kuchoka pa MBC kupita pa Zodiak. Wailesi zonse za FM zili pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Alamu nayo ili pa siteshoni yake, kungoti ili pamwamba pomwe wailesi ya m'nyumba siifika.

Mukatsegula bokosi la alamu ya 433 MHz, nthawi zambiri mupeza kawaya ka masentimita pafupifupi 17, kowongoka kapena kopotana ngati sipuling'i, komwe mbali ina sikanalumikizidwe pena paliponse. Sikuti anaiwala kukadula. Imeneyo ndi eriyo. Funde la 433 MHz ndi lotalika masentimita pafupifupi 69, ndipo eriyo yotere imagwira bwino ikakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a utali umenewo. Amisiri ena amakadula kawayako, ena amakawonjezera kuti alamu ifike patali. Onsewa amakhala asintha chinthu chomwe chinayezedwa chili mwina.

Msika wa mumlengalenga

Ma frequency onse pamodzi amatchedwa spectrum, ndipo ali ngati malo a pamsika: sachuluka chifukwa choti ogulitsa achuluka. Taganizirani Lizulu tsiku la msika. A mbatata ya kachewere ali pawo, a kabichi pawo, a tomato pawo, ndipo pakati pamayenera kutsala mpata woti magalimoto a pa M1 adutse. Wina akayala katundu wake pa tala, vuto silikhala la iye yekha. Mumlengalenga namo ndi chimodzimodzi. FM ikangothera pa 108 MHz pamayambira malo a ndege mpaka 137 MHz, ndipo m'menemo ndi momwe woyendetsa ndege amalankhulana ndi a pansanja ku Kamuzu International Airport. Kwina ndi kwa wailesi ya kanema, kwina kwa mafoni, kwina kwa apolisi.

Poyamba kunalibe wogawa malo. Guglielmo Marconi atatumiza uthenga kuoloka nyanja ya Atlantic mu 1901, sitima za pamadzi ndi masiteshoni a kumtunda anachuluka n'kumaphimbana mawu. Mu 1906 mayiko anakumana ku Berlin n'kusaina pangano loyamba la za wailesi, ndipo chizindikiro cha SOS chinavomerezedwa pomwepo. Sitima ya Titanic itamira mu April 1912, mauthenga osokonekera a masiku amenewo anachititsa dziko la United States kukhazikitsa lamulo, chaka chomwecho, loti woulutsa aliyense akhale ndi laisensi. Lero wogawa malo pa dziko lonse ndi bungwe la ITU, lomwe linayamba mu 1865 ndipo likulu lake lili ku Geneva. Bungweli linagawa dziko m'zigawo zitatu: Africa ndi Ulaya ali m'chigawo choyamba, mayiko a ku America m'chachiwiri, mbali yaikulu ya Asia ndi Australia m'chachitatu.

Kuno kwathu ntchitoyi ili m'manja mwa MACRA, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998, lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2016. MACRA imapereka malaisensi kwa nyumba zoulutsira mawu ndi makampani a mafoni, imagawa ma frequency, komanso imavomereza mitundu ya zipangizo zotumiza mafunde.

Anthu a ku Ntcheu ndi Dedza safunika kuchita kuuzidwa kuti mafunde sadziwa malire a dziko. M'madera ngati Lizulu msewu wa M1 umayenda m'malire mwenimweni, ndipo foni imatha kulumpha n'kugwira netiweki ya ku Mozambique mwini wake ali chiimire mbali ya Malawi akugula anyezi. N'chifukwa chake MACRA ndi anzawo a INCM a ku Mozambique amayenera kumvana, ndipo mabungwe otere m'chigawo cha SADC ali ndi mgwirizano wawo wotchedwa CRASA.

Zigawo zitatu zija zimakhudza wogula alamu mwachindunji. Ku America malo a pakati pa 902 ndi 928 MHz ndi otseguka kwa tizipangizo ting'onoting'ono, ndipo ma alamu ena amagwira ntchito pamenepo. M'chigawo chathu, kuyambira 890 mpaka 915 MHz ndi njira yomwe mafoni a GSM amalankhulira ndi nsanja. Chipangizo chovomerezeka bwinobwino ku Chicago chikhoza kufika ku Dedza n'kukhala pakati pa msewu wa mafoni, chili ndi chidindo chake chenicheni kumbuyo.

Malo osalipira

Kodi ndiye kuti mwini shopu ayenera kukatenga laisensi ngati nyumba youlutsira mawu? Mayiko ambiri anapewa zimenezo posiya timalo tingapo toti tizipangizo tofika pafupi tizigwiritsa ntchito mwaulere. Ku Ulaya ndi m'mayiko ambiri a mu Africa malo odziwika kwambiri ndi 433.05 mpaka 434.79 MHz, komanso ena ozungulira 868 MHz. Ku America wotchuka ndi 315 MHz. Marimoti a galimoto, a geti, mabelu a pakhomo opanda waya ndi ma alamu zonse zimapanikizana m'menemo.

Ulerewo uli ndi malamulo ake, ndipo amafanana ndi a pamjigo. Aliyense amatunga, koma ndowa ikadzadza umachoka kuti wina aike yake. Wina akayamba kuchapira pomwepo, mzere wonse waima. Ku Ulaya njira zoyezera zimenezi zimalembedwa ndi bungwe la ETSI, lomwe linayamba mu 1988 ndipo lili ku France, mu muyezo wotchedwa EN 300 220. Pa 433 MHz chipangizo chimaloledwa mphamvu yosapitirira 10 milliwatt (milliwatt ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a watt), ndipo pa mphamvu imeneyo sichiyenera kulankhula kupitirira mphindi 6 pa ola. Pakati pa 868.0 ndi 868.6 MHz mphamvu imafika 25 milliwatt koma nthawi ndi masekondi 36 okha pa ola, pokhapokha chipangizocho chikhale choyamba chamvetsera ngati pali wina chisanalankhule. Kwa amene amada nkhawa ndi mafunde m'nyumba, foni ya GSM imatha kutulutsa mpaka 2 watt, kuposa kasensa ka 10 milliwatt ka 200, ndipo foniyo timaigunditsa kukhutu.

Ku United States lamulo la FCC, bungwe loyang'anira za mafunde kumeneko, limati rimoti isiye kuulutsa pasanathe masekondi 5 munthu atachotsa chala pa batani. Timasensa ta chitetezo timaloledwa kudziwitsa bokosi lalikulu kuti tilipo, koma mauthenga onse otere asapitirire masekondi 2 pa ola. Pa nthawi ya ngozi yeniyeni, monga moto kapena akuba, alamu imaloledwa kuulutsa mpaka ngoziyo itatha.

Zimene zimachitika wina akakana kuchoka pamjigo zinaoneka mu 2019 m'tauni ya North Olmsted, m'boma la Ohio. Kwa milungu ingapo marimoti a galimoto ndi a zitseko za magalaja anasiya kugwira ntchito m'dera lonse. Anthu anasintha mabatire koma osaphula kanthu, a kampani ya magetsi anafika pozimitsa magetsi m'deralo koma vuto linalipobe. Pomaliza anapeza kuti munthu wina anadzipangira kachipangizo ka batire komudziwitsa wina akalowa m'nyumba mwake, ndipo kankaulutsa pa 315 MHz usana ndi usiku osapuma. Analibe cholinga choipa, ndipo sankadziwa n'komwe kuti vuto likuchokera kwa iye.

Pali mbali ina ya ulerewu imene ogulitsa satchula kawirikawiri. Wogwiritsa ntchito malo osalipira sayenera kusokoneza ena, koma iye akasokonezedwa ndi chipangizo china chomwe chikutsata malamulo, alibe pokadandaula.

Mafunde otayikira

Wopita kuchigayo amafuna ufa ulowe m'thumba, koma amabwerako nsidze zili mbuu. Chipangizo chotumiza mafunde nachonso sichitulutsa okhawo amene chikufuna. Ena amatayikira m'mbali, ndipo akatswiri amawatcha spurious emissions. Gawo lalikulu la kuyeza limathera pa fumbi limeneli.

Otayikira odziwika kwambiri ndi ma harmonic, ndipo masamu ake ndi a ku pulayimale. Chipangizo chimatulutsanso mafunde ofooka pa frequency yake kuchulukitsa ndi 2, ndi 3, ndi 4, kumapita m'mwamba. Alamu ya 433.92 MHz imatayira ena pa 867.84 MHz, pakhomo penipeni pa ma alamu a 868 MHz. Rimoti ya 315 MHz, mukachulukitsa ndi 3, imagwera pa 945 MHz, mkati mwa 935 mpaka 960 MHz momwe nsanja za GSM zimalankhulira ndi mafoni athu. Mankhwala ake ndi kasefa ka tizipangizo tiwiri kapena titatu pafupi ndi eriyo. N'kotchipa, koma kwa wopanga timasensa mamiliyoni, kukachotsa ndi phindu looneka, ndipo wogula sangadziwe chifukwa alamu imalirabe chimodzimodzi.

Malire ake ndi okhwima. Mu EN 300 220, chipangizo chikamaulutsa, mafunde otayikira a pansi pa 1,000 MHz sayenera kupitirira 250 nanowatt, ndipo m'malo a FM ndi a wailesi ya kanema malire ndi 4 nanowatt okha. Nanowatt ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a watt. Poyerekeza ndi 10 milliwatt ija, fumbi liyenera kuchepa ka 40,000, ndipo pa FM ka 2,500,000.

Palinso phokoso lochokera ku zinthu zomwe sizinapangidwe n'komwe kuti ziulutse. Akuluakulu akukumbuka mmene wailesi inkathethekera njinga yamoto ikamadutsa pamsewu. Madandaulo ngati amenewo, ochokera ku mainjini ndi mamota a magetsi, ndi amene anachititsa kuti CISPR, komiti ya mayiko yoona za kusokonezana kwa mafunde, iyambe ntchito mu 1934, ndipo miyezo yake ikugwirabe ntchito mpaka pano. Masiku ano opanga phokoso ndi machaja otchipa, mababu a LED ndi ma inveta a sola. Adaputala ya bokosi la alamu ili m'gulu lomweli, choncho nayo imayezedwa, kuphatikizapo phokoso lomwe imabwezera m'mawaya a magetsi a nyumba.

M'chipinda choyezera

Kuyeza fumbi la 4 nanowatt panja n'kosatheka, makamaka malo ngati Dedza pomwe milongoti ili ndandanda pamwamba pa phiri ikuulutsa ndi mphamvu zazikulu. Zili ngati kufuna kumva kulira kwa udzudzu pakati pa ng'oma za ngoma. Ndiye malabotale amamanga chipinda chachitsulo mbali zonse, khoma, denga, pansi ndi chitseko chomwe, chotseka mafunde onse akunja. Nzeru imeneyi ndi ya Michael Faraday, amene anaisonyeza mu 1836. Mukalowamo ndi foni, netiweki imatheratu chitseko chikangotsekedwa.

Koma chitsulo chimabweza mafunde ngati mmene phanga limabwezera mawu, ndiye makoma amkati amawakuta ndi timatailosi tomeza mafunde komanso zisonga za thovu louma zooneka ngati minga ikuluikulu. Mawu a munthu namonso amamveka ouma modabwitsa. Pakati pa chipinda pamakhala tebulo lopanda chitsulo, lokhazikika pa chimbale chozungulira. Kasensa kaja amakaika pamenepo, kakang'ono ngati bokosi la machesi m'chipinda chachikulu ngati holo. Pa mtunda wa mamita 3 kapena 10 pamaima eriyo yoyezera.

Woyeza amatuluka n'kutseka chitseko. Kasensako amakhala atakakonzeratu kuti kaziulutsa mosalekeza pa nthawi yoyezayo. Chimbale chimazungulira pang'onopang'ono mpaka kubwerera pomwe chinayambira, eriyo imakwera ndi kutsika pakati pa mita 1 ndi mamita 4, imaimikidwa choongoka kenako chopingasa. Cholinga ndi kupeza mbali yomwe chipangizocho chikusokosera kwambiri, chifukwa nambala yolowa mu lipoti ndi yoipitsitsayo, osati yapakatikati. Kunja, pa sikirini ya makina otchedwa spectrum analyser, pamaoneka mzere wa malire, ndipo pansi pake timizere tosongoka ngati udzu. Kamodzi kokha kakabowola mzere wa malirewo, chipangizo chalephera, chibwerere kwa wopanga.

Kenako chimalowa m'bokosi losintha kutentha. Zipangizo zogwira ntchito paliponse zimayezedwa kuyambira madigiri 20 pansi pa ziro mpaka 55, komanso ndi batire lodzadza ndi lotsala pang'ono kutha. Chifukwa chake n'chakuti frequency imatha kutsetsereka kukazizira, kukatentha kapena batire likafooka, ndipo kachipangizo kosalongosoka kamatuluka m'malo ake n'kulowa mwa eni. Si nkhani ya ku Ulaya kokha. Kasensa ka pa geti ku Dedza, tauni yomwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kamagona m'chisanu cha June ndi July, pomwe ka pansi pa malata ku Bwanje kamaphikidwa mu October.

Kuti lipoti likhulupiridwe, labotale yake iyenera kukhala yovomerezeka pa muyezo wa ISO/IEC 17025, ndipo makina ake azipimidwa pafupipafupi, monga mmene a Malawi Bureau of Standards amapimira masikelo a ogula mbewu ndi mapampu a mafuta. Koma dziwani ichi: chomwe chimayezedwa ndi chipangizo chimodzi kapena zingapo zoimira mtundu wonse. Zikwi zotsatira zimadalira kukhulupirika kwa fakitale.

Mbali inayo: kupirira phokoso la ena

Pafupifupi aliyense anamvapo kaphokoso kodukizaduka mu sipika foni isanalire. Kamabwera chifukwa foni ya GSM imaulutsa modukiza ka 217 pa sekondi, ndipo sipika yosatetezeka imatola kudukizako. Ngati sipika imatero, kasensa nako kangathe kutola n'kuganiza kuti kwabwera munthu. Kuyeza kuti chipangizo chimapirira mafunde a ena kumatchedwa immunity testing, ndipo m'chipinda muja zinthu zimatembenuka: eriyo ndi imene imawomba chipangizo ndi mafunde amphamvu, woyeza n'kumaona ngati chilire popanda chifukwa kapena chikhale chete pomwe chimayenera kulira. Amachithetheretsanso ndi magetsi ngati a m'juzi ya nayiloni, n'kuchiyesa ndi magetsi okwera ndi kutsika mwadzidzidzi. Alamu yolira pachabe ili ngati galu wouwa mphepo, pakatha mwezi palibe amadzuka.

Ku Ulaya muyezo wa zimenezi pa zipangizo za alamu ndi EN 50130-4. Ku United States malamulo a FCC sakakamiza kuyeza kotere, amangolamula kuti pa chipangizo palembedwe kuti chiyenera kulandira kusokonezedwa kulikonse komwe chingakumane nako.

Funso la bambo a feteleza aja, loti wakuba angaipusitse kapena ayi, limayankhidwa ndi muyezo winanso, EN 50131, womwe umagawa ma alamu m'magiredi 1 mpaka 4 potengera luso la wakuba amene akuyembekezeka. Umaona zinthu monga nthawi yomwe ingadutse bokosi lalikulu lisanamve kuchokera ku kasensa: mphindi 240 pa giredi 1, mphindi 120 pa giredi 2, masekondi 100 pa giredi 3, masekondi 10 pa giredi 4. Umaonanso ngati bokosilo limazindikira wina akamaphimba mafunde dala. Amene anakhalako ku South Africa akudziwa chizolowezi chogwira chitseko cha galimoto utadina kale rimoti, chifukwa mbava zimadina rimoti ina pafupi kuti yako isamveke. Timasensa totchipa tambiri timatumiza nambala imodzimodzi nthawi zonse, yomwe munthu wa zipangizo angathe kuijambula n'kuibwereza, pomwe todula timasintha nambala ulendo uliwonse. Chipangizo chikhoza kupambana mayeso onse a mafunde otayikira koma chili cha nambala yosasintha.

Zilembo zija

CE si chidindo cha boma lililonse. Ndi wopanga mwini wake akulengeza kuti chipangizo chake chikutsata malamulo a European Union, omwe pa zipangizo za wailesi ndi lamulo la 2014/53/EU. Amayenera kusunga malipoti oyezera ndi kalata yolengezayo, ndipo akapezeka kuti ananama katundu wake amachotsedwa pamsika wa kumeneko. Kampani yodalirika imaika kalatayo m'katoni kapena pa intaneti. Kusindikiza zilembo ziwiri pa pulasitiki n'kosavuta, ndiye paja amati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

FCC ID ndi yosiyana. Bungwe la FCC linayamba mu 1934, ndipo chipangizo chotumiza mafunde chimayenera kuyezedwa ndi labotale yovomerezeka chisanapatsidwe nambalayo. Ubwino wake ndi woti aliyense angathe kuilemba pa tsamba la intaneti la FCC n'kuona dzina la wopanga, frequency, ndipo kawirikawiri lipoti lenilenilo ndi zithunzi. Nambala ikakutengerani ku chipangizo china, mwadziwa. Koma imangonena za malamulo a ku United States. ICASA ndi bungwe loyang'anira za mafunde ku South Africa, ndipo sitika yake, yokhala ndi zilembo TA, chaka ndi nambala, imanena kuti mtunduwo unavomerezedwa kumeneko.

Palibe mwa zitatuzi chomwe pachokha ndi chilolezo cha Malawi. Chilolezo cha kuno chimachokera ku MACRA kudzera mu ndondomeko ya type approval, ndipo amene amachipempha ndi wopanga kapena woitanitsa katunduyo, popereka mapepala ofotokoza chipangizocho ndi malipoti a malabotale. Wogula kwa kampani yoika ma alamu ali ndi ufulu wofunsa kuti aone chiphaso cha mtundu womwe akumuikirawo, n'kufananiza nambala ya pa chiphaso ndi ya pa chipangizo.

Mafunso omwe adakalipo

Ndondomeko yonseyi inakonzedwa poganizira woitanitsa katundu wambiri, wokhala ndi ofesi ndi mapepala. Koma ma alamu ambiri amafika ngati ya bambo aja, m'katoni imodzi pa basi yodutsa pa chipata cha Dedza, kapena m'chikwama cha wamalonda wochokera ku Dar es Salaam, Dubai kapena China. Ena amati malamulo akhwime pa zipata, chifukwa chipangizo chimodzi cholakwika chimavutitsa dera lonse. Ena amati kukhwimitsa kukweza mitengo, ndipo wa golosale yaing'ono, yemwe ndi amene amabedwa kawirikawiri, atsala ndi loko yekha. Pakati pa mbali ziwirizi mzere ujambulidwe pati?

Lina ndi la kudalirana. Ngati chipangizo chavomerezedwa ku South Africa, dziko la m'chigawo chimodzi cha ITU ndi ife, kodi Malawi, Zambia ndi Mozambique azichivomerezanso aliyense payekha? Kuvomerezana kungachepetse ndalama ndi nthawi, koma mayiko sagawa ma frequency mofanana ndendende, ndipo bungwe lililonse lili ndi udindo pa mlengalenga mwa dziko lake. Chimodzimodzi nkhani ya malabotale: chipinda choyezera chija chimadya ndalama zambiri pomanga ndi posamala, ndiye kodi dziko la msika waung'ono lizidalira malipoti akunja, limange chake, kapena mayiko oyandikana asonkherane?

Ma alamu ambiri otchipa amaimba foni kudzera pa 2G yokha. Mayiko angapo anazimitsa kale 2G ndipo ena akukonzekera. Tsiku limenelo likadzafika kuno, sayirini idzalirabe koma foni ya mwini shopu idzakhala chete, ndipo sizikudziwika kuti udindo wochenjeza ogula ndi wa yani. Palinso nkhani ya ma alamu olumikizidwa ku intaneti. European Union inayamba mu August 2025 kufuna kuti zipangizo za wailesi zotere zikhale zotetezeka kwa olowerera pa intaneti. Kodi kuvomereza chipangizo kuno kuzingoona za mafunde, kapena kuzionanso zimenezo?

Lomaliza anandifunsa ndi bambo a feteleza omwewo, ndikutsanzika. Anati tiyerekeze kuti alamu ya anzawo ogulitsa malata ija, yopanda chilembo chilichonse, tsiku lina yayamba kuulutsa osapuma ngati ya ku Ohio, ndipo yawo yasiya kumva timasensa take. Iwo alibe makina oonera mafunde, mmisiri amene anawaikira alibenso, ndipo likulu la MACRA lili kutali. "Ndiye achimwene, ine ndidzadziwa bwanji kuti vuto si batire?"